Magetsi Oyatsa ndi Foni Pakhomo ndi Pabwalo: Mafunso ndi Mayankho

M'mashopu a zamagetsi ku Lilongwe, Blantyre ndi Lusaka, ngakhalenso m'katundu amene abale amabweretsa kuchokera ku Joni kapena ku Ulaya, mukupezeka mababu, mapulagi ndi masensa olamulidwa ndi foni. Zambiri mwa zipangizozi anazipanga poganizira nyumba zimene magetsi sathima ndipo intaneti siduka. Kwathu kuno zinthu sizili choncho, ndiye munthu akagula mongotengeka amakhumudwa sabata isanathe. Koma zikasankhidwa bwino, zimathandiza ndithu, makamaka pakhonde, pageti ndi kuseri kwa nyumba.

Kodi babu la smart likusiyana pati ndi babu wamba la LED?

Pa kuwala palibe kusiyana, onse ndi a LED. Kusiyana kuli m'khosi mwa babu, pafupi ndi chitsulo chimene chimalowa mu holder. M'menemo muli kachipangizo kolandira uthenga popanda waya, ndi kena kowerenga uthengawo n'kuuza babu kuti liyake, lithime, lichepetse kuwala kapena lisinthe mtundu. N'chifukwa chake mutha kulithimitsa muli gone pabedi, kapena kulikonzera kuti tsiku lililonse liziyaka lokha dzuwa likalowa. Mababu otere anayamba kutchuka mu 2012 pamene kampani ya Philips inatulutsa mtundu wake wa Hue. Lero pali Tapo ya TP-Link, Sonoff, a IKEA, ndi otchipa ambirimbiri amene mayina awo ndi osiyana koma onse amayendera app ya Tuya kapena Smart Life. Chofunika kuchigwira kuyambira pano n'chakuti kachipangizo kolandira uthenga kaja kamafuna moto usana ndi usiku. Babu limaoneka lothima, koma m'kati limakhala lili tcheru kudikira lamulo. Mavuto ambiri amene tikambe m'munsimu amachokera pamenepa.

Ndiye kuti ndi aja amayakabe magetsi akathima?

Ayi. Aja ndi mababu otchaja, okhala ndi batire m'kati. Babu la smart nthawi zambiri lilibe batire, ndipo ESCOM kapena ZESCO ikathimitsa, nalonso limathima ngati lina lililonse. Ngati vuto lanu lalikulu ndi mdima wa nthawi ya kuthimathima kwa magetsi, yambani mwagula mababu otchaja kapena nyali za sola. Za smart zibwere pambuyo.

Kodi ndiyenera kukhala ndi intaneti m'nyumba kuti zigwire ntchito?

Zimatengera njira imene chipangizocho chimalankhulira, ndipo njira zofala zilipo zitatu. Mababu a Bluetooth amalankhula ndi foni yanu mwachindunji. Safuna intaneti, koma muyenera kukhala nawo pafupi, ndipo simungawalamule muli ku ntchito. Mababu a Wi-Fi amalumikizika ku router yanu, ndipo ambiri otchipa uthenga wawo umayamba wapita kumakompyuta a kampani kunja kwa dziko kenako n'kubwerera. Mukadina pafoni muli m'chipinda chomwecho, lamulo litha kukazungulira kutali lisanafike pababu limene lili pamutu panu. Bandulo ikatha, mababu ena oterewa amasiya kumvera, ngakhale ena amamverabe malinga foni ndi babu zili pa Wi-Fi imodzi. Njira yachitatu ndi Zigbee. Apa mababu ndi masensa amalankhula ndi kabokosi kotchedwa hub kamene kamakhala m'nyumba mwanu momwemo. Ngati hub yake ndi yabwino, monga Hue Bridge, ndondomeko za nthawi, mabatani ndi masensa zimagwirabe ntchito intaneti itaduka. Intaneti imafunika poika app koyamba, polandira zokonza zatsopano, ndi pamene mukufuna kulamula muli kutali. Za kudya bandulo musade nazo nkhawa pa mababu ndi masensa, chifukwa mauthenga awo ndi aang'ono kwambiri. Chimene chimameza bandulo ndi kamera.

Hub ija ndi ndalama zina. Kodi ndiyofunikadi?

Ngati mukufuna mababu awiri kapena atatu okha, a Wi-Fi kapena a Bluetooth akukwanirani. Koma mukangoganiza zofika pa khumi, kapena zowonjezera masensa a pakhomo ndi mabatani a batire, ine ndimalangiza hub. Chifukwa choyamba n'chakuti router ili ndi malire. Ka MiFi kamene mabanja ambiri amagwiritsa ntchito kamalola zipangizo zowerengeka, kawirikawiri pafupifupi khumi, ndipo mafoni a m'nyumba ndi TV zimakhala zitatenga kale malo. Chachiwiri, Zigbee imadya moto wochepa kwambiri, moti sensa yokhala ndi kabatire kozungulira ka CR2032 kapena CR2450 imatha chaka kapena kupitirira, pamene Wi-Fi imamaliza batire msanga. Hue Bridge yanthawi zonse imanyamula mababu pafupifupi 50, pomwe app ya Hue yoyendera Bluetooth yokha imalekeza pa 10.

Ndamva kuti amapulumutsa mayunitsi. N'zoona?

N'zoona mbali imodzi. Chimene chimapulumutsa mayunitsi kwambiri ndi LED, osati kulamulidwa ndi foni. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana ndi babu lakale lotentha lija la mawati 60. Mukaliyatsa maola 12 usiku uliwonse, lakale limadya mayunitsi pafupifupi 263 pa chaka, la LED pafupifupi 39. Phindu limenelo mumalipeza ngakhale ndi babu wamba la LED. Babu la smart limawonjezerapo kudya pang'ono chifukwa chokhala tcheru: likakhala lothima limakokabe pafupifupi theka la wati kapena kucheperapo, zomwe ndi mayunitsi osapitirira 4 ndi theka pa chaka. Pa babu limodzi si kanthu, koma pa mababu 20 mwafika kufupi ndi mayunitsi 90. Phindu lenileni limaoneka pamalo amene magetsi amaiwalika. Tengani getsi lalikulu la pabwalo la mawati 30. Likamayaka usiku wonse limadya mayunitsi pafupifupi 131 pa chaka. Likamayaka pokhapokha pakadutsa munthu, mwina ola limodzi lonse pa usiku, limadya 11 okha. Choncho ku bafa, m'kolido, ku sitolo ndi panja, sensa imabweza ndalama zake. Kuchipinda kogona mukugula kupepukidwa, osati kupulumutsa mayunitsi.

Nanga chimachitika n'chiyani magetsi akathima kenako n'kubweranso?

Funso ili ndi limene ogulitsa ambiri salikamba, koma kwa ife ndilo lalikulu. Aliyense amene anali ku Malawi namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, kapena ku Zambia madzi atachepa ku Kariba mu 2024, akudziwa kuti magetsi amatha kupita ndi kubwera nthawi iliyonse. Pali zinthu zinayi zimene zimachitika. Choyamba, mababu ambiri anawapanga kuti moto ukangofika aziyaka ndi mphamvu zonse. Ndiye magetsi akabwera 2 koloko usiku, chipinda chimene mwagonamo ndi khanda chimangoti ngwee. Mankhwala ake ali mu app: fufuzani pamene alemba za zomwe babu lichite moto ukabwerera, musankhe kuti lizibwerera mmene linalili kapena lizikhala lothima. Musanagule, funsani ngati mtunduwo uli ndi mwayi umenewu, chifukwa si onse. Chachiwiri, babu limadzuka m'masekondi ochepa pomwe router imatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, ndiye mababu ena amafunafuna Wi-Fi, n'kuisowa, n'kuchedwa kubwerera. Zipangizo zambiri za Wi-Fi zilibenso wotchi yakeyake ya batire, zimafunsa nthawi pa intaneti, moti ndondomeko yoyatsa 6 koloko madzulo imadumphika ngati netiweki sinabwerere. Kabatire kosungira moto wa router, kaja ka mini UPS, kamathetsa zambiri mwa izi, ndipo hub nayo muilumikize pomwepo. Chachitatu n'chobisika: mababu otchipa ambiri amafufuta zonse zimene munawaphunzitsa mukawayatsa ndi kuwathimitsa katatu kapena kasanu motsatizana, chifukwa ndiyo njira yowayambitsiranso. Magetsi akamaphethira asanakhazikike, babu limayesa kuti mwalilamula kutero, ndipo m'mawa mumalipeza likuthwanima, likudikira kuti mulilumikizenso. Chachinayi ndi moto wobwera mwamphamvu, kaya pobwerera magetsi kaya chifukwa cha mphenzi nthawi ya dzinja. Timazipangizo ta m'khosi mwa babu sitichedwa kupsa. Router ndi hub zikhale pa soketi yoteteza ku moto wamphamvu, ndipo ngati mwaika zambiri, mmisiri wa magetsi akuikireni chotetezera pabokosi lalikulu la magetsi. Amene muli ndi inverter, dziwani kuti zotchipa zimene moto wake si wosalala zimachititsa mababu ena kulira kapena kuphethira.

Ndigule mababu a smart kapena ndisinthe switchi ya pakhoma?

Yambani mwaganizira anthu amene mumakhala nawo. Babu la smart limamva pokhapokha switchi ya pakhoma ili yoyatsa. Agogo, mwana kapena mlendo akadina switchi potuluka m'chipinda, monga tonse tinaphunzitsidwira, babu lija lafa, foni singalidzutse. Ena amamata selotepi pa switchi kuti anthu asamaigwire. Ine sindigwirizana nazo. Nyumba ndi ya onse, kuphatikizapo amene alibe foni ya app, ndipo munthu asamachite kupempha kuti amuyatsire getsi kuti akamwe madzi usiku. Pali njira ziwiri zabwino. Yoyamba ndi kabatani ka batire kopanda waya kamene mumamata pakhoma pafupi ndi switchi yakale. Aliyense amadina, getsi limayaka, ndipo simugumula kanthu. Imeneyi ndi yoyenera kwa amene muli pa lendi, chifukwa posamuka mumangomatula n'kunyamula. Yachiwiri ndi kusintha switchi yeniyeniyo, kapena kubisa kuseri kwake kachipangizo ngati ka Sonoff kapena Shelly, n'kusiya mababu wamba. Apa switchi imagwira ntchito ndi dzanja monga kale, foni nayo imagwira, ndipo pamalo pamene switchi imodzi imayatsa mababu asanu mumagula chinthu chimodzi m'malo mwa zisanu. Chimene mumataya ndi kusintha mitundu. Chenjezo lina: babu la smart lisakhale pa switchi yopotokola yochepetsa kuwala, chifukwa limaphethira ndipo litha kuwonongeka.

Mmisiri wanena kuti pa switchi palibe neutral. Akutanthauza chiyani?

Switchi ya smart nayo imafuna moto wakewake, ndiye imafunika mawaya awiri, wa live ndi wa neutral. Nyumba zambiri zoyalidwa mawaya motsata njira ya ku Britain, monga zilili zambiri ku Malawi ndi Zambia, neutral imathera kudenga pamene pali babu. Kukhoma kumatsika waya wobweretsa moto ndi wina wobwerera nawo kubabu basi. Apa pali msampha umene wavulazapo anthu: mukatsegula switchi mutha kuona waya wofiira ndi wakuda, kapena wa bulauni ndi wa buluu, n'kuganiza kuti wakuda kapena wa buluuyo ndi neutral, pomwe ndi waya wa moto. Mtundu wa waya si umboni, mmisiri ayeze ndi mita. Ngati neutral palibedi, mutha kukoka waya wina kudzera mu paipi, kuika kachipangizo ka Sonoff kapena Shelly kaja kudenga, kapena kugula switchi yosafuna neutral. Zoterezi zimadutsitsa moto pang'ono kudzera m'babu, moti mababu aang'ono a LED amatha kuwala mwakachetechete atathimitsidwa, ndipo n'chifukwa chake zina amagulitsa pamodzi ndi capacitor yoika kubabu. Ntchito iliyonse yotsegula switchi kapena bokosi la magetsi ipite kwa mmisiri wovomerezeka. Ku Malawi ziphaso zawo zimachokera ku MERA.

Ndayesa kulumikiza babu ku Wi-Fi koma likungothwanima. Ndalakwitsa pati?

Kawirikawiri vuto ndi limodzi: mababu ambiri amamva Wi-Fi ya 2.4 GHz yokha, pomwe router zatsopano zimatulutsanso ya 5 GHz ndipo foni imakonda kuthamangira kumeneko. Ikani foni pa 2.4 GHz, kapena thimitsani kaye 5 GHz mu router mpaka mutamaliza. Yatsani Bluetooth ndi location pafoni, chifukwa app imazifuna pofufuza babu. Lumikizani babu muli pafupi ndi router, kenako mukalipachike kumene mukufuna. Mukatero lipatseni dzina lomveka, monga Khonde, Geti kapena Kuseri, ndipo mulowetse anthu ena a m'nyumba kudzera pa gawo la banja mu app, aliyense ndi akaunti yake.

M'bale wanga ali kunja akufuna kunditumizira. Ndimuuze agule zotani?

Muuzeni zinthu zitatu. Magetsi athu ndi a 230 V, ofanana ndi a ku Britain, South Africa ndi ku Ulaya. A ku America ndi Canada ndi a 120 V, ndipo babu lopangidwira kumeneko lokha litha kupsa mukangoliyatsa, choncho awerenge pabokosi. Chachiwiri ndi khosi la babu: B22 ndi lija la timapini tiwiri lokankha n'kupotokola, E27 ndi lomanga ngati sikuluwu. Yang'anani holder yanu musanaitanitse. Chachitatu ndi mapulagi: ku Malawi masoketi ndi a mano atatu aphwatalala ngati a ku Britain, pomwe a ku South Africa ndi a mano ozungulira. Pulagi ya smart yolowa kudzera mu adaputala imakhala yogwedera ndipo imatentha.

Ndisankhe kuwala kotani, koyera kapena kwachikasu?

Kuchuluka kwa kuwala amakuyeza ndi ma lumen, osati mawati. Babu la ma lumen 800 limakwanira chipinda chogona. Mtundu wake amauyeza ndi nambala yokhala ndi K: 2700K ndi kwachikasu kofewa, 4000K ndi kwapakati, 6500K ndi koyera kwa mbee kopendekera ku buluu, kumene mashopu athu amagulitsa kwambiri. Kukhitchini ndi powerengera ana, koyera n'kothandiza. Kuchipinda madzulo, kwachikasu kochepetsedwa n'kwabwino chifukwa kuwala koyera kwamphamvu usiku kumachedwetsa tulo. Apa ndi pamene babu losintha pakati pa koyera ndi kwachikasu limaonetsa ubwino wake, ndipo kwa ine limaposa aja a mitundu yofiira ndi yobiriwira, amene anthu ambiri amasewera nawo masiku oyamba okha. Panja, kuwala kwachikasu kumakopa tizilombo tochepa kuyerekeza ndi koyera. Mvula zoyamba zikagwa ngumbi zikatuluka, getsi loyera la pakhomo penipeni limazisonkhanitsa pakhonde, ndiye ndi bwino kuliika patali pang'ono n'kulilozetsa kukhomoko. Koma musanamizidwe kuti getsi la mtundu wina limathamangitsa udzudzu. Udzudzu umatsata mpweya umene timapuma ndi fungo la thupi, choncho neti ikhalepobe.

Kodi babu la m'nyumba ndingaliike panja?

Pokhapokha lili m'chotchingira chotsekeka bwino, pansi pa denga la khonde. Zipangizo za panja zimakhala ndi zilembo IP ndi manambala awiri, yoyamba ya fumbi, yachiwiri ya madzi. IP44 imapirira madzi ongowaza, yokwanira pakhonde. IP65 siilowetsa fumbi ndipo imapirira madzi opopera, yoyenera pakhoma la mpanda ndi pageti. IP67 imapirira kumizidwa kwa kanthawi, yoyenera magetsi a pansi pa kapinga pamene madzi amadikha. Koma madzi nthawi zambiri salowera pababu, amalowera polumikizira mawaya. Waya wopotedwa n'kukulungidwa ndi tepi sangapulumuke mvula ya January. Polumikiza pakhale m'kabokosi kotseka, waya azilowa kuchokera pansi, ndipo atsike pang'ono asanakwere kulowa, kuti madzi oyenderera azidontha asanafike. Waya wa 230 V wodutsa m'nthaka akhale wokutidwa ndi chitsulo kapena akhale mu paipi, akwiriridwe mozama kuti khasu lisamupeze, ndipo njira yonse ya panja itetezedwe ndi earth leakage ya 30 mA. M'maluwa ndi m'mbali mwa kanjira, kumene ana amasewera ndipo wosamalira pabwalo amakumba, magetsi a 12 V kapena 24 V oyendera transformer ndiwo abwino, chifukwa waya wake ngakhale atadulidwa sapha munthu.

Netiweki sifika kugeti. Nditani?

Musanagule, imani ndi foni pamalo pamene mukufuna kuika getsi. Ngati foni ikuvutika kugwira Wi-Fi, babu livutika koposa. Makoma a njerwa zowotcha, konkire, malata, geti lachitsulo ndi thanki ya madzi zonse zimafooketsa netiweki, ndipo chotchingira babu chachitsulo chimaitsekereza. Sunthani router ikhale pamwamba, chapakati pa nyumba kapena pafupi ndi windo loyang'ana kugeti. Zigbee ili ndi ubwino wapadera apa: babu kapena pulagi iliyonse yolumikizidwa ku magetsi imalandira uthenga n'kuupatsira inzake, ngati anthu opatsirana njerwa pomanga. Mukaika imodzi pabalaza, ina pakhonde, ina pa garaja, uthenga umafika kugeti. Zipangizo za batire sizipatsira, ndipo wina akathimitsa pa switchi babu la pakati, za kutsogolo kwake zitha kusowa njira.

Getsi langa la sensa limayaka lokha usiku wonse. Lawonongeka?

Mwina ayi. Sensa yofala, ya PIR, siona munthu, imamva kutentha kumene kukusuntha. Galu, mphaka, galimoto yodutsa mumsewu, ngakhale nthambi zogwedezeka patsogolo pa khoma limene latenthedwa ndi dzuwa, zonse zitha kuidzutsa. Iikeni pamtunda wa mamita awiri kapena awiri ndi theka, iweramire pansi, ndipo isaloze kumsewu. Imamva bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera moilunjika, choncho ikhale m'mbali mwa njira. Pansi pa magetsi ambiri oterewa pali timakonono titatu: TIME ndi nthawi yoyaka, LUX ndi mdima umene liyambire kugwira ntchito, SENS ndi mtunda womvera. Chepetsani SENS pang'onopang'ono, wina akuyenda pabwalo kuyesa. Dziwaninso kuti PIR siimva kudzera pagalasi, ndipo m'mwezi wa October kumadera otentha ngati Chikwawa ndi Nsanje, pamene makoma ndi mpweya zimayandikira kutentha kwa thupi, imachedwa kumva. Getsi lotere silifuna app kapena intaneti, ndipo panyumba zambiri ndilo chinthu choyamba choyenera kugula.

Bwanji osangogula nyali za sola basi?

Pabwalo ndi kumpanda, nthawi zambiri ndilo yankho labwino, chifukwa sizidalira ESCOM ndipo sizifuna kukumba ngalande ya waya. Kungoti manambala olembedwa pamabokosi ambiri, monga 200W kapena 300W pa nyali yokhala ndi panelo yaing'ono, ndi okokomeza. Yang'anani kukula kwa panelo ndi kwa batire. Popeza tili kummwera kwa equator, panelo iyang'ane kumpoto, ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka, ndipo isakhale pamthunzi wa mango. M'chilimwe ipukuteni fumbi. Kumadera a Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, masiku a chiperoni m'miyezi ya June ndi July batire silidzaza, ndiye nyali yoyaka mochepa n'kuwala kwambiri pakadutsa munthu ndiyo imafika m'mawa. Chimene chimayamba kufa ndi batire, choncho sankhani yotsegulika kuti mudzasinthe. Ngati getsi lina likuwalira pa panelo usiku, nyali imayesa kuti kwacha ndipo siyaka.

Pulagi ya smart ndingaikepo giza, ayironi kapena pampu?

Werengani ma amp olembedwa papulagi. Ya 10 A imalekeza pa mawati 2,300, ya 13 A pa mawati pafupifupi 3,000, ndipo kuigwiritsa ntchito pamalire kwa maola ambiri kumaitenthetsa. Giza imakoka moto wambiri kwa nthawi yaitali, ndiye imafuna switchi yake yopangidwira ntchitoyo kapena contactor yoikidwa ndi mmisiri. Pampu ndi filiji zimakoka moto wochuluka pa nthawi yoyamba kuzungulira, zomwe zimatha kumatiza zitsulo za m'kati mwa pulagi. Ayironi, hita ndi mbaula ya magetsi musaziike konse: chinthu chotentha chisamayake popanda munthu pafupi, ndipo kumbukirani kuti pulagi itha kuyaka yokha magetsi akabwerera. Pulagi ya smart ndi yabwino pa nyali ya patebulo, fani ndi TV. Zina zimawerenganso mayunitsi, ndipo zimakuonetsani chimene chikumaliza magetsi m'nyumba.

Kodi zimenezi zimaletsa akuba?

Zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa maloko, galu, mlonda ndi anansi ogwirizana. Getsi loyaka mwadzidzidzi limadziwitsa a m'nyumba kuti panja pali kanthu. Mukapita kumudzi pa Khirisimasi, magetsi oyaka ndi kuthima m'zipinda zosiyana madzulo amaonetsa ngati muli anthu, kusiyana ndi babu la pakhonde loyaka usana wonse limene limaulula kuti eni ake kulibe. Getsi lamphamvu lolozetsedwa kutsogolo limathobwa m'maso mlonda ndi anansi, n'kusiya mithunzi yakuda bii yobisalamo. Lilozetseni pansi, ndipo magetsi angapo ocheperako amaposa limodzi lalikulu. Masensa a maginito a pazitseko ndi mawindo ndi otchipa, koma uthenga wa pafoni umadalira intaneti, choncho pakhalenso belu kapena sayirini yolira m'nyumba momwemo. Pa rimoti ya geti, sankhani ya rolling code, imene nambala yake imasintha mukadina kulikonse, chifukwa ya nambala yokhazikika ndi yosavuta kukopera.

Munthu wina angalowe m'zipangizo zanga kudzera pa intaneti?

N'zotheka, ndipo khomo lake nthawi zambiri ndi password yosasinthidwa. Mu 2016 pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inalanda makamera ndi ma router ochuluka padziko lonse poyesa ma password amene zipangizozo zimabwera nawo kuchokera kufakitale. Mu 2020 akatswiri a kampani ya Check Point anaonetsa kuti munthu angadzere pa babu la Hue n'kufika pa hub, ndipo opanga anatseka mpatawo kudzera mu zokonza zatsopano. Choncho sinthani password ya router, lolani zokonza zikabwera, ndipo ngati router ili ndi netiweki ya alendo, ikani mababu a Wi-Fi kumeneko. Babu limasunga password ya Wi-Fi yanu, ndiye lifufuteni musanapatse wina. Amene wachoka panyumba, mumuchotsenso mu app. Kamera isaloze kuchipinda chogona, kubafa kapena pabwalo la anansi, ndipo ogwira ntchito pakhomo auzidwe kuti ilipo.

Ndingathe kuzilamula ndi mawu m'Chichewa?

Pakadali pano Alexa, Google Assistant ndi Siri salandira malamulo m'Chichewa. Ichi ndi chifukwa chinanso chosungira switchi ndi mabatani pakhoma.

Ndingasakanize mitundu yosiyana? Nanga kampani ikatseka?

Kwa zaka zambiri kampani iliyonse inali ndi app yake. Mu October 2022 bungwe la Connectivity Standards Alliance, mmene muli Apple, Google, Amazon ndi Samsung, linatulutsa Matter, njira imodzi yoti zipangizo za makampani osiyana zizimvana. Chokhala ndi chizindikiro cha Matter chimalandira malamulo m'nyumba momwemo, kudzera pa Wi-Fi kapena njira ina yotchedwa Thread, ngakhale chimafunabe chipangizo chochilamula monga hub kapena sipika ya smart. Nkhawa ya kutseka kwa kampani ndi yomveka. Mu April 2022 kampani ya ku America ya Insteon inathimitsa makompyuta ake mosachenjeza, ndipo app inasiya kugwira ntchito mpaka gulu la makasitomala ake litaigula. Maswitchi awo ankayakabe ndi dzanja. Pogula, funsani ngati chinthucho chimagwira popanda makompyuta a kampani. Za Zigbee ndi Matter mutha kuzisamutsira ku hub ina, ndipo odziwa makompyuta amagwiritsa ntchito Home Assistant, pulogalamu yaulere imene imayenda pa kakompyuta kakang'ono ngati Raspberry Pi.

Ndikasintha router kapena kusamuka, ndiyambirenso zonse?

Ayi. Patsani router yatsopano dzina la netiweki ndi password zofanana ndendende ndi zakale, mpaka zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo mababu a Wi-Fi adzalumikizika okha. Za Zigbee sizidziwa n'komwe kuti router yasintha, mumangosomeka hub mu yatsopanoyo. Posamuka, ikani hub ndi mababu a pafupi poyamba, kenako a kutali, ndipo muzipatse maola angapo kuti zipeze njira zatsopano. Maswitchi amene mukuwasiya pakhoma muwachotse mu akaunti yanu ndi kuwafufuta, kuti wolowa m'nyumbamo athe kuwalumikiza ku foni yake.